Galimoto ikakanidwa COF, vuto limakhala linayamba kale

Ndikufuna ndikambeko za nkhani yomwe imazunguza mitu eni magalimoto ambiri kuno kumudzi: kuyezetsa galimoto kuti ipatsidwe chiphaso chotsimikiza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Chiphasochi tonse timangochitchula kuti COF.

Ine ndine mphunzitsi wa sayansi pasukulu ina ya sekondale yoyendera kuno kwa Chonde m'boma la Mulanje. Umakaniko sindinapite nawo kusukulu, koma ndili ndi kagalimoto kakale komwe ndinagula ndi ngongole, ndipo chaka ndi chaka ndimakakayezetsa. Maulendo amenewa, kuphatikizapo kucheza ndi amakaniko komanso madalaivala apamsika pano, andionetsa chinthu chimodzi: magalimoto ambiri amabwezedwa kaamba ka tizinthu tating'onoting'ono tomwe mwini wake akanationa yekha ali pakhomo pake.

Kwa munthu wa m'tauni, kubwezedwa ndi nkhani yongobweranso mawa. Kwa ife ndi nkhani ina. Kuchoka kwa Chonde kukafika ku Blantyre ndi mafuta ambiri, kaya mwadzera ku Luchenza ndi Thyolo kapena msewu wa Midima. Tsiku lonse limathera komweko. Wantchito amakhala wapempha chilolezo kwa abwana, wabizinesi amakhala watseka. Ukabwezedwa chifukwa cha babu limodzi, zonsezi uzilipira kawiri.

COF ndi chiyani kwenikweni?

Lamulo la zapamsewu la dziko lino, Road Traffic Act la mu 1997, ndi lomwe limafuna kuti galimoto yoyenda pamsewu wa anthu onse ikhale yabwinobwino. Nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, yomwe ambiri timangoti ku Road Traffic, ndiyo imayang'anira ntchitoyi, ndipo mbiri ya galimoto iliyonse imasungidwa m'makina a kompyuta otchedwa MalTIS. Masiku ano palinso malo oyezera magalimoto omwe si aboma koma anapatsidwa chilolezo chogwira ntchitoyi. Galimoto ya munthu payekha imayezedwa kamodzi pachaka, pamene zonyamula anthu molipiritsa, monga maminibasi, zimayezedwa miyezi 6 iliyonse.

Mchitidwewu si wa kuno kokha. Ku Britain anayamba kuyeza magalimoto mu 1960 ndipo mayesowo amawatcha MOT. Ku Japan, komwe kumachokera ma Sienta, ma Freed, ma Probox ndi ma Hiace omwe adzaza m'misewu yathu, mayeso awo amatchedwa Shaken. Galimoto yatsopano imayezedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo ndi odula kwambiri moti anthu ambiri amasankha kugulitsa galimoto m'malo mopitiriza kuiyezetsa. Ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe magalimotowa amafikira kuno. Amabwera ali osamalidwa bwino, koma akafika amakumana ndi fumbi, matope, maenje ndi katundu yemwe opanga ake sanamuganizirepo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29. Amenewo ndi a msinkhu wa ana omwe ndimawaphunzitsa, omwe m'mawa uliwonse amayenda wapansi ndi panjinga m'mphepete mwa msewu wopita ku Mulanje ndi ku Muloza. N'chifukwa chake nkhaniyi imandikhudza.

Magetsi

Ndiyambe ndi magetsi chifukwa ndi omwe amagwetsa ambiri, chonsecho ndi otchipa kukonza. Ngakhale ku Britain komwe misewu ndi yosalala, magetsi ndi ma indiketa ali m'gulu la zifukwa zikuluzikulu zomwe magalimoto amalepherera mayeso.

Vuto ndi loti dalaivala amakhala kutsogolo, ndiye saona zomwe zikuchitika kumbuyo. Babu la buleki likhoza kupsa mwezi wa Febuluwale, iye n'kudzadziwa mu Novembala atauzidwa ndi woyeza. Mankhwala ake ndi osavuta. Madzulo, pezani munthu, ngakhale mwana, aime panja. Inu muziyatsa chimodzichimodzi: paki, dimu, fulu, indiketa yakumanja ndi yakumanzere, mahazadi, buleki, rivesi ndi kagetsi kounikira nambala yakumbuyo. Kagetsi ka panambala kameneka ndi komwe kamaiwalika kawirikawiri. Ngati muli nokha, imikani galimoto chakumbuyo pafupi ndi khoma, muponde buleki ndi kuyang'ana kuwala kofiira pakhomapo.

Indiketa ikamaphethira mofulumira kuposa masiku onse, nthawi zambiri ndiye kuti babu limodzi la mbali imeneyo lapsa. Magetsi akamayaka mofooka kapena ena akamayaka okha musanawayatse, kawirikawiri ndi dzimbiri pomwe waya amagwira chitsulo cha galimoto. Kuno ku Mulanje mvula ndi yambiri, choncho dzimbiri lotere silisowa. Kupala pamalopo ndi kumanganso bwino kumathetsa vutolo.

Woyeza amaonanso komwe magetsi akutsogolo akuloza. Getsi lina likamaloza kumwamba ngati likusaka mbalame m'mitengo, limathobwa m'maso anzanu obwera kutsogolo. Imikani galimoto pamalo athyathyathya moyang'ana khoma, muyatse dimu. Kuwala kwa mbali zonse kukhale pamsinkhu wofanana komanso kotsikirako pang'ono. Magalasi a magetsi akachita chikasu ndi dzuwa, apukuteni ndi polishi wake. Poika babu latsopano la kutsogolo, musagwire galasi lake ndi zala, chifukwa mafuta a m'manja amalipsetsa msanga.

Aliyense amene anayendapo msewu wa Thyolo nthawi ya chiperoni mu Juni kapena Julaye akudziwa kuti masana enieni ukhoza kulephera kuona galimoto yomwe ili patsogolo pako. Pamenepo timagetsi tofiira takumbuyo ndi tomwe timakupulumutsa.

Matayala

Matayala atsopano ndi odula, ndipo ambiri a ife timathawira ku akaunjika. Sindikunyoza, koma pali zinthu zoyenera kuziona musanapereke ndalama.

Choyamba ndi mizere. M'kati mwa mizere ya tayala muli timizere tina topingasa tomwe opanga anaika ngati chizindikiro. Timeneti timakhala pamsinkhu wa mamilimita 1.6. Tayala likadyeka mpaka kufanana ndi timizereti, latha ntchito. Mizere ija si zokongoletsa. Ntchito yake ndi kukankhira madzi kunja kuti labala agwire phula. Tayala la dazi likaponda madzi paliwiro limayandama, ndipo chiwongolero ndi mabuleki zimangokhala ngati palibe.

Chachiwiri ndi zaka. M'mbali mwa tayala muli malemba oyamba ndi DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chomwe tayalalo linapangidwa. Mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Labala amakalamba ngakhale tayala lisakuyenda. Opanga matayala ambiri amalangiza kuti tayala lopitirira zaka 10 lisagwiritsidwenso ntchito, ngakhale mizere ikuoneka yabwino. Mukaona timing'alu m'mbali, dziwani kuti labala wauma.

Chachitatu ndi chotupa. Tayala likagunda dzenje mwamphamvu, ulusi wa m'kati umaduka ndipo m'mbali mumatuluka chotupa ngati dzira. Tayala lotere silimatika, ndipo likhoza kuphulika nthawi iliyonse. Woyeza akangoliona, nkhani yathera pomwepo.

Chenjeraninso ndi matayala omwe analembedwa kuti Studless kapena okhala ndi chithunzi cha phiri ndi chipale chofewa. Amenewa anapangidwira nyengo yozizira kwambiri ya ku Japan ndi maiko ena. Labala wake ndi wofewa, ndipo pa phula lotentha la mu Okutobala amatha ngati sopo. Palinso anyamata ena omwe amasema mizere yatsopano pa tayala lakutha ndi kampeni kotentha. Limaoneka latsopano, koma labala wotsala pamwamba pa mawaya amakhala wochepa zedi.

Matayala awiri oyang'anizana, akutsogolo kapena akumbuyo, akhale a saizi imodzi. Manati onse akhalepo ndipo akhale omangika. Mpweya woyenera unalembedwa pakapepala komwe kamamatidwa pamphuthu ya chitseko cha dalaivala. Sipeya nayo ikhale ndi mpweya, ndipo jeke ndi sipanala zikhale m'galimoto.

Mabuleki

Apa mundilole ndilankhule ngati m'kalasi. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Ndiye kuti pamene dalaivala waona mwana akudumpha msewu, phazi lisanafike n'komwe pa buleki, galimoto yayenda kale mtunda woposa kutalika kwa kalasi. Komanso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi, chifukwa mphamvu ya chinthu choyenda imakula motsatira liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo. Galimoto yothamanga 80 imafuna mtunda wochuluka kanayi kuposa yothamanga 40 kuti iime. Izi ndi pamene mabuleki ali abwino.

Kumalo oyezera amakono, matayala amaikidwa pa zitsulo zozungulira, ndipo makina amawerenga mphamvu ya buleki ya tayala lililonse payekha. Galimoto ikhoza kumaima ndithu pamsewu koma n'kulephera apa, chifukwa mbali imodzi ikugwira kwambiri kuposa inzake. Kusiyana kotereku ndi komwe kumapotoza galimoto ukaponda buleki mwadzidzidzi, n'kukapezeka uli mbali ya anzako kapena m'ngalande.

Zizindikiro zimakhalapo nthawi isanathe. Galimoto ikamakokera mbali imodzi mukaponda buleki, pali vuto. Mukamamva kulira kwa chitsulo pa chitsulo, mapadi atha ndipo akudya disiki, yomwe ndi yodula kuposa mapadiwo. Buleki ikamamveka yofewa ngati mukuponda siponji, mwina m'mapaipi mwalowa mpweya. Ikamatsika pang'onopang'ono mpaka pansi mutaiponda osasiya, mafuta akudontha penapake kapena pampu yatha. Kabotolo ka mafuta a mabuleki kali ndi mizere iwiri, MIN ndi MAX, ndipo mafutawo akhale pakati pake. Akamachepa kawirikawiri, musamangothira ena. Fufuzani komwe akupita.

Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati azisinthidwa zaka 2 zilizonse. Okhala ndi madzi amawira msanga mabuleki akatentha, monga potsika zitunda za ku Thyolo galimoto italemedwa, ndipo zikatero buleki imangolowa osagwira. Potsetsereka gwiritsani ntchito giya yotsika, ndipo chizolowezi choika fili pofuna kupulumutsa mafuta chitheretu.

Handibuleki nayo imayezedwa. Eni magalimoto a otomatiki ambiri saigwiritsa ntchito, amangodalira giya ya P, mpaka waya wake amachita dzimbiri n'kuuma. Iyeseni pachitunda. Ngati galimoto ikufunika kuikira mwala kuti isabwerere, kayambeni mwakonza.

Zakunsi kwa galimoto

Misewu yathu ya m'midzi ndi m'minda ya tiyi ndi yamabampu, ndipo namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023 misewu ndi milatho yambiri m'boma lino inaonongeka. Zonsezi zimathera m'mashoko, mabushi, mabolojointi ndi matairodi. Woyeza amalowa m'dzenje kunsi kwa galimoto ndi tochi, ndipo chilichonse chogwedera kapena chodontha amachiona.

Pali zina zomwe mungayese nokha. Kanikizani ngodya imodzi ya galimoto mwamphamvu n'kusiya. Ikabwerera kamodzi n'kukhazikika, shoko ili bwino. Ikamapitiriza kudumphadumpha, kapena mukaona mafuta akutsika m'mbali mwa shoko, yatha. Kwezani tayala lakutsogolo ndi jeke pamalo olimba, muligwire pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likamagwedera, vuto lingakhale bolojointi kapena beyaring'i. Ligwireninso kumanja ndi kumanzere. Likamagwedera mbali imeneyo, kawirikawiri ndi tairodi. Chonde, musalowe kunsi kwa galimoto yomwe yangokhala pa jeke yokha.

Yang'ananinso timalabala tokutira majointi. Tikang'ambika, girizi amatuluka ndipo fumbi limalowa. Kalabala ndi kotchipa, koma mukakasiya mudzagula jointi yonse. Phokoso loti kha-kha-kha pokhota limachokera kumeneko. Chiwongolero chikamazungulira kaye pang'ono matayala asanatembenuke, kapena galimoto ikamayendera mbali pamsewu woongoka, pitani kwa makaniko. Tayala likamadyeka mbali imodzi yokha, alayimenti yasokonekera. Mukasintha tairodi kapena bolojointi, chititsani alayimenti pambuyo pake, osati musanasinthe, kuopa kulipira kawiri.

Bolojointi ikathothoka galimoto ili paliwiro, tayala limapindika ndipo galimoto imagwada. Tonse tinaonapo galimoto itagwada chotero m'mphepete mwa msewu. Bolojointi imakhala itachenjeza kwa miyezi ndi kaphokoso pamabampu, koma ambiri timangokweza wailesi.

Galasi, mawaipa, hutala ndi malamba

Galasi lakutsogolo losweka, makamaka mbali ya dalaivala, limabweza magalimoto ambiri. Mng'alu umayamba ndi kamwala kamodzi kothamangitsidwa ndi lole, kenako umakula ndi kutentha komanso mabampu. Ukadali waung'ono, akatswiri m'tauni amatha kuumata kuti usapitirire. Ukakula, palibe kuchitira mwina koma kusintha galasi lonse.

Mawaipa amauma ndi dzuwa la chilimwe, ndipo timadzazindikira tsiku lomwe mvula yoyamba yagwa. Ngati akusiya mizere kapena kulira pagalasi, sinthani. Kathanki ka madzi otsukira galasi kakhale ndi madzi ndipo tizibowo take tisatsekeke. Singano imatsegula bwinobwino. Magalasi oonera kumbuyo akhalepo onse, osati omangidwa ndi linya.

Hutala ilire momveka. Malamba onse azikoka, kumangika ndi kumasuka bwino, ndipo mukalikoka lamba mwadzidzidzi lizigwira. M'magalimoto onyamula anthu malamba akumbuyo amakhala atakankhiridwa kunsi kwa mipando. Atulutseni. Zitseko zonse zizitseguka kunja ndi m'kati momwe. Chitseko chomwe chimatseguka ndi kondakitala yekha chifukwa ndi amene amadziwa pomenya, pangozi chimasanduka ndende. Mipando ikhale yomangika pansi, batire ikhale yomangika pamalo pake, ndipo sipidomita izigwira ntchito.

Pa dashibodi pali timagetsi tochenjeza ta mabuleki, ABS, injini ndi zina. Timayaka mukangotembenuza kiyi, kenako n'kuzima injini ikalira. Kena kakatsala koyaka, galimoto ikukuuzani kuti pali chovuta. Ena amachotsa kababu kake kapena kumatapo tepi yakuda. Kumeneko ndi kuphimba chilonda ndi nsalu n'kumati chapola.

Utsi ndi kudontha

Utsi umanena matenda a injini. Wabuluu ndiye kuti injini ikuwotcha oilo. Wakuda ndiye kuti mafuta akuchuluka kuposa mpweya, ndipo kawirikawiri choyambitsa ndi fyuluta ya mpweya yomwe yatsekeka ndi fumbi la misewu yathu. Woyera wochuluka womwe sukusiya ngakhale injini itatentha umasonyeza kuti madzi akulowa mu injini. Musanapite koyezetsa, chititsani sevisi: oilo, mafyuluta ndi mapulagi ngati nthawi yake yakwana.

Nthawi yomwe mafuta amasowa, ambiri timagula a m'zigubu kwa mavenda. Ena mwa mafuta amenewa amakhala osakaniza ndi parafini kapena madzi, ndipo zotsatira zake zimadzaonekera ku utsi ndi mphamvu ya injini.

Ekizozi yobooka imachita phokoso, koma choopsa kwambiri ndi mpweya wa carbon monoxide womwe ungalowe m'galimoto. Mpweyawu suoneka, sununkha, koma umachititsa tulo ndi mutu, ndipo umapha. Kuti mudziwe ngati galimoto ikudontha, yalani katoni kunsi kwake usiku, m'mawa muone. Kudontha kwa petulo kapena kwa mafuta a mabuleki sikodikira mawa.

Mapepala ndi tizipangizo

Galimoto ikhoza kukhala yabwino kotheratu koma n'kubwezedwa chifukwa cha mapepala. Nambala ya chesisi ndi ya injini zimayenera kufanana ndi zomwe zili m'mapepala a galimotoyo ndi m'kompyuta. Mnzanga wina anasintha injini itafa, n'kuika ina yogula kwa ogulitsa zipangizo zakale. Galimoto inkayenda bwino zedi, koma tsiku loyezetsa manambala sanagwirizane, ndipo malisiti a injini yatsopanoyo anali atawataya. Anayenda maulendo angapo kuti nkhaniyo ilongosoke. Mukasintha injini kapena mtundu wa penti, sungani malisiti ndipo kadziwitseni a Road Traffic. Mukagula galimoto kwa munthu, sinthani umwini msanga, chifukwa mwini wakale akasamuka kapena kumwalira, nkhani imakhala yovuta.

Musanapite, pezani pomwe panadindidwa manambala amenewa ndi kupukutapo kuti aziwerengeka. Nambala zakutsogolo ndi kumbuyo zikhale zoonekera bwino komanso zomangika. Inshuwalansi ikhale yosatha. Mukhalenso ndi matrayango awiri ochenjeza, chozimira moto chomwe sichinathe mphamvu, ndi zonyezimira, zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo. Galimoto ikafa usiku pamsewu, ife timathyola masamba n'kuyala pa phula. Masamba saoneka mumdima, ndipo wa kabaza amadzazindikira atagunda kale.

Kubwereka zipangizo ndi madobadoba

Pali michitidwe iwiri yomwe ndiyenera kuitchula poyera. Woyamba ndi wobwereka. Munthu amabwereka matayala abwino, matrayango ndi chozimira moto kwa mnzake, n'kukayezetsa, madzulo n'kubweza zonse. Mawa lake galimoto ija yabwerera pa matayala ake a dazi, yanyamula anthu opita kumsika ku Luchenza, COF yatsopano ili mbee pagalasi.

Wachiwiri ndi wa madobadoba, anthu omwe amakulonjezani kuti akupezerani pepalalo galimoto ili pakhomo. Akuluakulu a zapamsewu akhala akuchenjeza anthu kuti asamadzere mwa anthu amenewa. Ena amathawa ndi ndalama, ena amabweretsa mapepala achinyengo omwe amakadziwika pa rodibuloko kapena tsiku la ngozi, pamene kampani ya inshuwalansi yayamba kufufuza. Ngakhale pepalalo litakhala looneka bwino chotani, silingaimitse galimoto yopanda mabuleki.

Ndikudziwa kuti zinthu zakwera mtengo ndipo mwini Sienta amawerengera ndalama iliyonse. Koma tiganizire ntchito yomwe galimoto imagwira kumudzi kuno. Mayi akayamba kudwala usiku, ndi galimoto yomweyo imathamangira naye kuchipatala. Ndi yomweyo imanyamula a kwaya, a mpira, a ukwati ndi a maliro. Okwerawo ndi abale athu, anansi athu ndi ana athu. Iwo sangathe kuona mapadi kapena bolojointi. Amangokhulupirira mwini galimoto ndi kapepala kali pagalasi.

Konzekerani nthawi ikadalipo

Langizo langa ndi loti muyang'ane tsiku lomwe COF yanu ikutha n'kuyamba kukonzekera kutatsala mwezi wathunthu. Sabata yoyamba, zungulirani galimoto nokha ndi kope m'manja: magetsi, matayala, magalasi, mawaipa, hutala, malamba, zitseko ndi mapepala. Sabata yachiwiri, pitani kwa makaniko wodalirika aone mabuleki ndi zakunsi, inu muli pomwepo. Safunsa anadya phula: funsani kuti akuonetseni chomwe chatha, ndipo chakale chomwe achotsa akupatseni. Masabata otsalawo ndi ofunafuna ndalama ndi zipangizo, chifukwa zina sizipezeka pafupi, zimafunika kuitanitsa ku Limbe. Pogula, samalani ndi zipangizo zotchipa mokayikitsa, makamaka za mabuleki ndi chiwongolero.

Njira ina yomwe yandithandiza ndi kupatula kandalama pang'ono mwezi uliwonse ka galimoto yokha, monga timachitira ku banki m'khonde. Tayala limodzi mwezi uno, lina pakatha miyezi itatu, sizipweteka ngati kugula anayi tsiku limodzi.

Tsiku loyezetsa, tsukani galimoto ndi kunsi komwe, chifukwa matope amabisa manambala ndipo amavutitsa woyeza. Tsitsani katundu yense. Nyamukani m'mamawa mutatenga mababu ndi mafyuzi apadera, popeza babu likhoza kupsa panjira. Mukabwezedwa, musakwiye kapena kuyamba kunong'oneza munthu. Tengani pepala la zolakwikazo, funsani masiku omwe mwapatsidwa kuti mubwerenso, kakonzeni.

Ndipemphenso aboma kuti aganizire zofikitsa ntchito yoyeza magalimoto kufupi ndi anthu a m'maboma monga Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Mtunda ukatalika, anthu amakopeka ndi njira zachidule. Nawo mabungwe a madalaivala m'masiteji athu akhoza kumayendera magalimoto a mamembala awo mwezi ndi mwezi, osadikira apolisi apamsewu.

Mwezi wa Okutobala chaka chilichonse, kuno kwa Chonde kumadzaza magalimoto a anthu obwera kumwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Pambuyo pake mvula imayamba, kenako zisangalalo za Khirisimasi ndi chaka chatsopano, pamene misewu imakhala yoterera komanso yodzaza. Chakudza sichiimba ng'oma. Amene muli ndi galimoto, itanani mwana madzulo ano aime kumbuyo, inu muponde buleki, akuuzeni ngati magetsi onse akuyaka.

Mphunzitsi,
Chonde, Mulanje